Malipiro a Ejenti wa Nyumba Anenedwe Poyera

Mawu ali m'munsiwa ndi a nkhani imene mkulu wina woona za malonda anakamba kwa mafumu, aphunzitsi ndi akuluakulu a misika pa Boma la Ntcheu. Asindikizidwa muno kuti iwo amene adziwa kuwerenga awawerengere anzawo m'midzi.

Kale munthu wa ku Ntcheu akafuna pokhala kutali ndi kwawo sanali kulipira munthu womusonyeza khomo. Mphunzitsi akatumizidwa ku sukulu yatsopano anali kupeza nyumba ya mishoni kapena imene makolo anamanga, ndipo mnyamata wopita ku Blantyre anali kufikira kwa amalume ake. Masiku ano zinthu zasintha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma lino, ndipo nyumba za aphunzitsi, za anamwino ndi za apolisi sizikwanira. Tsono ambiri achita lendi: pa Boma penipeni, ku Mphate, pa Kampepuza, pa Lizulu, pa Tsangano ndi m'malo ena a malonda a m'mbali mwa msewu waukulu wa M1. Ndiponso chaka ndi chaka ana a muno apita ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Blantyre kukaphunzira kapena kukafuna ntchito, ndipo kumeneko mlendo sadziwa khomo loti agogodepo.

Pakati pa mwini nyumba ndi mlendoyo palowa munthu wachitatu. Ena amutcha ejenti, ena amutcha dobadoba. Alipo amene ali ndi ofesi ndi chikwangwani pakhomo. Koma ambiri ofesi yawo ndi foni ndi miyendo basi.

Munthu ameneyu asanyozedwe. Agwira ntchito ndithu. Ayenda pa dzuwa kufunsa makomo, adziwa nyumba imene ikhala yopanda munthu mwezi wa mawa, awononga ndalama za foni ndi za kabaza. Mphunzitsi amene wafika Loweruka ndi katundu pa lole, sukulu ili kutsegulidwa Lolemba, ayamika kwambiri akapeza munthu wotere. Wogwira ntchito ayenera kulipidwa, ndipo palibe amene atsutsa zimenezo. Chovuta ndi chimodzi: malipirowo kawirikawiri sanenedwa poyamba. Atuluka pang'onopang'ono, munthu atalowa kale m'madzi.

M'mene ndalama zitulukira

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, ngakhale ambiri adzachizindikira. Mayi wina, mphunzitsi, wasamutsidwa kuchokera ku sukulu ya kwa Ganya kudza pa Boma. Wamva za ejenti ndipo wamuimbira foni. Ejentiyo ati nyumba ilipo, ya zipinda ziwiri, ya magetsi ndi madzi, lendi K80,000 pa mwezi. Mayiyo awerenga malipiro ake naona kuti akwanitsa. Abwereka K80,000 nakwera basi.

Atafika auzidwa kuti asanaone nyumba apereke K5,000 yoonera. Apereka. Nyumba yoyamba ili kudontha. Yachiwiri apeza kuti munalowa kale munthu dzana. Yachitatu ndiyo yabwino. Koma yoonera inali ya khomo lililonse, kotero zapita K15,000. Pa khomo lachitatulo mwini nyumba afuna za miyezi itatu nthawi imodzi, ndiye K240,000. Atagwirizana, ejenti aitanira mayiyo pambali nati komishoni yake ndi theka la lendi ya mwezi, K40,000. Patapita sabata adza a madzi ndi ngongole ya K18,000 imene anasiya amene anatulukamo. Munthu amene ananyamuka kwawo ali kuganiza za K80,000 wapezeka kuti afunika K313,000.

Mwa ndalama zonsezi palibe ndi imodzi yomwe imene ejenti sanali kuidziwa pa nthawi imene anayankha foni. Anadziwa za miyezi itatu, anadziwa komishoni yake, anadziwa yoonera. Anatchula lendi yokha chifukwa ndiyo ikopa. Mayiyo akadamva zonse ali kwa Ganya, kapena akadadikira malipiro a mwezi wina, kapena akadapempha mnzake wa ku tchalitchi kuti amufunire nyumba, kapenanso akadavomera ali wodziwa. Koma wamva ataima pakhomo, katundu ali pa lole ndipo mwini lole ali kuwerenga maola. Pamenepo munthu sakambirana mtengo; angothamangira kwa wa katapila. Ndiye chake kubisa mtengo sikuli kuiwala chabe. Ndi njira yolanda munthu mphamvu yokana.

Chimene malamulo anena

Maganizo akuti wogula ali ndi ufulu wodziwa sanayambe lero. Pa 15 Malichi 1962 Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America anauza aphungu a dziko lake kuti wogula aliyense ali ndi maufulu anayi: kutetezedwa ku katundu woopsa, kuuzidwa zoona, kusankha, ndi kumvedwa akadandaula. Ndicho chifukwa chake tsiku la 15 Malichi likumbukidwa m'maiko ambiri ngati tsiku la ogula. Mu 1985 bungwe la United Nations linalemba malangizo a nkhani yomweyi kuti maiko atsatire. M'dziko muno bungwe loyankhulira ogula la Consumers Association of Malawi linayamba mu 1994.

Lamulo lenileni loteteza ogula, lotchedwa Consumer Protection Act, linapangidwa mu 2003. Lamuloli linena kuti wogula ayenera kupatsidwa uthenga woona, wokwanira, ndiponso pa nthawi yake, wonena za katundu kapena ntchito imene ali kulipira, pamodzi ndi mtengo wake. Mawu atatuwa aganiziridwe bwino. Ejenti wa m'chitsanzo chija sananame kwenikweni, pakuti lendi inalidi K80,000. Koma uthenga wake sunali wokwanira, ndipo zotsalazo zinadza nthawi itatha.

Ena aganiza kuti wogula ndi munthu amene wagula shuga kapena fetereza basi. Iai. Lamulo liwerenganso ntchito imene munthu agwirira mnzake pofuna malipiro. Wokonza njinga, wometa tsitsi, mwini chigayo ndi wofunira anthu nyumba, onsewa agulitsa ntchito, ndipo amene awalipira ndi wogula.

M'lamulo lomweli muli mawu ena amene aphunzitsi ayenera kuwadziwa bwino. Pangano lolembedweratu, limene wamalonda angobweretsa kuti munthu asainepo, liyenera kulembedwa m'zilembo zowerengeka, likhale ndi kumasulira kwake m'chinenero cha dziko, ndipo kwa munthu wosadziwa kuwerenga kapena wosaona liyenera kuwerengedwa ndi kulongosoledwa m'njira imene iye amva. Kotero gogo amene wapatsidwa pepala la Chingerezi kuti adindepo chala ali ndi ufulu wonena kuti, "Yambani mwandiwerengera."

Lamulo lachiwiri ndi la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, Competition and Fair Trading Act. Loyamba linali la 1998, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene anthu alitcha CFTC. Mu 2023 Khoti Lalikulu linagamula kuti lamulo lakalelo silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa faindi palokha. Tsono Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024. Lamulo latsopanoli liletsa kusaonetsa mitengo, kukana kupereka lisiti, kubisa mfundo zofunika kwa wogula, ndi kusocheretsa anthu. Bungweli tsopano likhoza kulamula kuti ndalama zibwezedwe, ndiponso kulipiritsa kampani faindi yofika magawo 10 pa 100 aliwonse a ndalama zimene yapeza pa chaka. Kwa munthu payekha malire ndi magawo 5 pa 100.

Za ntchito ya uejenti weniweniwo, dziko lino linali ndi lamulo la 1989 lonena za oyesa mitengo ya malo, maejenti ndi ogulitsa pa okushoni. Mu 2024 aphungu anavomereza lamulo latsopano la Real Estate Management, lofuna kuti ochita malonda a malo ndi nyumba alembedwe m'kaundula. Kotero kufunsa ejenti kuti aonetse chikalata chake si chipongwe. Anyamata ambiri oyenda ndi foni m'makwalala alibe chikalata chilichonse, ndipo zimenezo zidziwika. Koma kupanda chikalata sikumasula munthu ku udindo wonena mtengo. Amene walandira ndalama ya mnzake pa ntchito walowa m'malonda, afune asafune.

Kodi ejentiyu ndi wa yani?

Funso ili ndilo anthu aliiwala, chonsecho ndilo mutu wa nkhani. Mlimi wa kachewere ku Tsangano kapena wa kabichi pa Lizulu amudziwa bwino munthu amene aima pakati pa thumba ndi lole. Kwa mlimi anena kuti msika wagwa. Kwa mwini lole anena kuti alimi akweza. Iye adya uku ndi uku, ndipo awiriwo sakumana kuti afunsane. Pa nyumba zichitikanso chimodzimodzi.

Eni nyumba ambiri a m'boma lino si anthu olemera. Ndi alimi amene anagulitsa mbatata ndi tomato zaka zingapo nagula malata. Ndi amayi amasiye. Ndi aphunzitsi opuma amene anaika ndalama zawo za penshoni m'njerwa. Ambiri akhala kumudzi ndipo nyumba ili pa malo a malonda, kotero asiya kiyi kwa munthu wina kuti awapezere wolowamo ndi kuwatolerera lendi. Mwini nyumba ati afuna K70,000. Womuimirayo auza wolowa kuti ndi K80,000. Mwezi uliwonse K10,000 itsala m'thumba mwake, ndiyo K120,000 pa chaka, kuonjeza pa komishoni imene mwini nyumba amupatsa kale. Wolowayo adandaula kuti mwini nyumba ndi wouma mtima, mwini nyumba adabwa kuti anthu sakhalitsa m'nyumba mwake, ndipo onse awiri sadziwa amene ali kuwadyera.

Makhoti a dziko lino atsata mfundo yakale ya malamulo a ku England, amene analandiridwa kuno mu 1902, yakuti munthu wotumidwa asapeze phindu lamseri pa ntchito ya amene wamutuma. Akapeza, ndalamazo ndi za womutumayo ndipo ayenera kuzibweza. Mfundoyi si yachilendo kwa Angoni kapena Achewa. Nkhoswe imene yatumidwa kukakamba za ukwati ikaonjeza pa zimene akuchikazi anena, n'kubisa zapamwambazo, mudzi wonse uitcha wakuba ngakhale palibe buku limene latsegulidwa.

Tsono ngati mwini nyumba ndiye anatuma ejenti, mwini nyumba ndiye ayenera kumulipira. Ngati wofuna nyumba ndiye anamutuma, alipire wofuna nyumbayo. Ngati ejenti afuna kulandira kwa onse awiri, onse awiri adziwe ndipo avomere. Mankhwala ake ndi apafupi: mwini nyumba ndi wolowa aonane maso ndi maso ngakhale kamodzi kokha, kapena ayankhulane pa foni, ndipo mtengo utchulidwe ejenti ali pomwepo. Ejenti amene akana kuti awiriwa akumane wadziulula yekha.

Zimene maiko ena anachita

Ku England vuto lomweli linakula mpaka aphungu analemba ndime zapadera m'lamulo la Consumer Rights Act la 2015. Ejenti aliyense wa nyumba za lendi analamulidwa kupachika mndandanda wa malipiro ake onse mu ofesi, pa malo oonekera, ndiponso pa tsamba lake la intaneti, msonkho uli momwemo, ndi kulongosola kuti ndalama iliyonse ndi ya chiyani. Wolephera alipira faindi yofika mapaundi 5,000. Koma patapita zaka zinayi anaona kuti kupachika mitengo kokha sikunathetse kulira, pakuti munthu wosowa pogona alipira ngakhale waona kuti mtengo ndi woipa. Kotero kuyambira pa 1 Juni 2019 lamulo lina, Tenant Fees Act, linaletsa maejenti kulipiritsa olowa m'nyumba pa zinthu zambiri zotere, ndipo dipoziti ya nyumba wamba inaikidwa malire a lendi ya masabata asanu. Maganizo ake anali akuti alipire ejenti ndi amene anamusankha, popeza ndiye angathe kumuchotsa akakweza mtengo. Nkhaniyi ionetsa kuti kunena mtengo poyera ndi chiyambi chabe. Koma dziko limene silinafike pa chiyambicho lisadumphe.

Anthu ambiri a ku Ntcheu ali ndi abale ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo ndi bwino kuwauza izi polemberana nawo. Lamulo la ku South Africa la 1999, Rental Housing Act, lilamula mwini nyumba kupereka lisiti pa ndalama iliyonse, ndi kusunga dipoziti ku banki kumene ibala chiwongoladzanja cha wolowayo. Ngati palibe chowonongeka, dipozitiyo ibwezedwe pasanathe masiku 7 pangano litatha. Madandaulo apita ku bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal, limene sililipiritsa. Ndipo kuyambira mu Febuluwale 2022, pansi pa lamulo la Property Practitioners Act, ejenti wopanda chikalata chomuloleza alibe ufulu wolandira komishoni.

Asanatulutse ndalama

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu wofuna nyumba afunse ali kwawo, asanakwere basi. Afunse kuti zonse pamodzi, kufikira tsiku lolandira kiyi, ndi zingati. Afunse ngati yoonera ndi ya khomo limodzi kapena ya mpaka nyumba ipezeke, ndiponso ngati ibwezedwa nyumba ikapezeka kuti muli kale munthu. Afunse komishoni, ndi amene ailipire. Afunse miyezi yolipiriratu. Ngati pali dipoziti, adziwe amene aisunge, mwini nyumba kapena ejenti, chifukwa pa tsiku lotuluka aliyense aloza mnzake. Mayankhowo apemphe kuti atumizidwe pa uthenga wa foni. Uthenga wolembedwa suiwala ngati pakamwa.

Pa tsiku lolowa aone mita ya madzi ndi ya magetsi, alembe manambala, ndipo afunse pepala lotsiriza la ngongole. Zenera losweka ndi loko wakufa zilembedwe pamaso pa mboni, kuti zisadzakhale zake potuluka.

Lisiti siifuna buku la ku sitolo. Tsamba la kope likwanira, likakhala ndi tsiku, maina, ndalama, chifukwa chake, ndi siginecha kapena chala. Amene alipira pa Airtel Money kapena Mpamba asafufute uthenga wotsimikiza, ndipo aone dzina limene latuluka asanavomereze kutumiza. Apa aphunzitsi angathandize kwambiri. Mwana wa Sitandade 8 angathe kulemba lisiti ngati waonetsedwa kamodzi, ndipo chitsanzo cha K313,000 chija ndi samu yabwino ya m'kalasi.

Makolo amene ana awo asankhidwa kupita ku sukulu zaukachenjede achenjere mwapadera. Malo ogona pa sukuluzo sakwanira, ndipo ophunzira ambiri afuna zipinda ku Chikanda ku Zomba, ku Chitawira ndi ku Zingwangwa ku Blantyre, ndi m'malo ena otere. Pa Facebook ndi pa WhatsApp paoneka zithunzi za zipinda zokongola, ndipo mwini uthengawo ati ofuna ndi ambiri, tsono atumiziridwe ndalama lero kuti asunge malo. Bambo agulitsa mbuzi natumiza. Mwana akafika, foni ija siyankhanso. Uyu si ejenti wobisa mtengo. Ndi wakuba, ndipo mlandu wake ndi wopeza ndalama mwachinyengo, umene uli m'ndime 319 ya malamulo a milandu. Nkhani yotere ipite ku polisi msanga pamodzi ndi nambala imene inalandira ndalama. Ndalama ya nyumba isatumizidwe mpaka munthu wodalirika, mbale kapena wophunzira wakale wa pa sukulupo, walowa m'chipindamo ndi mapazi ake ndi kuyankhula ndi mwini wake.

Kokadandaula

Nkhani zambiri zithera pafupi. Ejenti wa pa Lizulu kapena pa Kampepuza adziwika ndi aliyense, ndipo malonda ake aima pa mbiri yake. Akaitanidwa pamaso pa nyakwawa kapena wapampando wa msika, pepala lili patebulo, kawirikawiri abweza. Mafumu apemphedwa kuti milandu yotere asaione ngati yaing'ono, ndiponso kuti pogamula afunse funso limodzi loyamba: kodi ndalamayi inanenedwa liti? Ngati inanenedwa poyamba ndipo munthu anavomera, ailipire ngakhale imuwawe. Ngati inatuluka pambuyo, ejenti alongosole chifukwa chimene anaibisira.

Zikakanika pamenepo, munthu apite ku ofesi ya zamalonda pa khonsolo ya boma la Ntcheu, kumene adzalangizidwa njira. Angathenso kudandaula yekha ku bungwe la CFTC, limene likulu lake lili ku Lilongwe, polemba kalata kapena poimba nambala yaulere ya 2489. Khoti la majisitireti la pa Boma limvanso milandu yofuna kubwezeredwa ndalama, ndipo munthu aloledwa kudziyankhulira yekha popanda loya. Kulikonse kumene apite adzafunsidwa zinthu zomwezo: dzina la ejenti ndi nambala yake, malo a nyumba, masiku, ndalama zimene anapereka, lisiti kapena uthenga wa foni, ndi dzina la mboni imene inalipo.

Maejenti amene ali ndi ofesi m'boma lino apemphedwa kulemba malipiro awo pa pepala lalikulu m'Chichewa ndi kulipachika pakhoma, monga achitira mwini chigayo. Amene alibe ofesi alembe mndandanda womwewo m'foni ndi kuutumiza kwa aliyense amene wafunsa nyumba, asanapangane za tsiku lokaona.